Chaka Chimene Ndinathirira Mbewu ndi Madzi a Injini

Amayi anga, amene anaoloka nane kuchokera kwa Apwitikizi ndili kumsana, anandiitana atadwala matenda awo omaliza nandiuza kuti: "Njala ikadzabwera, usadzalole munda wako kubiriwira wokha pakati pa minda youma. Ukadzapeza chakudya, uzidzayenda mofooka ngati anzako. Usadzaonetse munthu, ngakhale wobadwa naye." Mawuwo ndinawasunga zaka zambiri osawagwiritsa ntchito, mpaka chaka cha 1949, ndili kale ndi mdzukulu.

Mudzi wathu uli m'munsi mwa phiri la Michesi, pamene chigwa chimayambira. Amuna anga anali atamwalira kale. Pakhomo tinalipo ine, mwana wanga Esinati, mwamuna wake Layisoni amene anadzakhala chikamwini, ndi kamwana kawo Mele, kamene kanali katangosiya bere. Nyumba yoyang'anana ndi yathu inali ya mng'ono wanga Aginesi, amuna ake ndi ana awo awiri.

Novembala

Mvula yoyamba inabwera bwino, ya bingu, yonunkhira dothi. Aliyense anathamangira kumunda. Layisoni anafuna kuti tibzale mbewu yonse nthawi imodzi. Poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ankayankhula atandifulatira, mawu akudzera kwa mkazi wake.

"Uwafunse amayi ako, mbewu yonse ndi imeneyi? Zitsononkho zinali kudenga zija zinali zambiri."

"Umuuze kuti makoswe nawonso amadya," ndinatero.

Makoswe sanadye kanthu. Ndinali nditatongola chimanga china, ndi nthanga za maungu, n'kuzitsekera mu kamtsuko, n'kumata pakamwa ndi dothi, n'kukwirira pansi pa mphasa yanga. Sindinalote chilichonse. Ndimangochita choncho chaka ndi chaka.

Disembala ndi Januwale

Isanafike Khirisimasi mvula inadula. Chimanga chinali chitafika m'mawondo. Masamba anayamba kupotana masana n'kumasuka m'mawa, kenaka anasiya kumasuka. Mitambo inkaunjikana pamwamba pa Mulanje, mphepo n'kuibalalitsa tikuyang'ana. Mapira anapirira pang'ono, nawonso anagonja.

Zonena zinachuluka kuposa ndiwo. Ena ankati ndi chifukwa cha mizere imene alangizi ankatikakamiza kuunda. Ena ankati ndege imene inadutsa ija ndiyo inathamangitsa mitambo. Akhristu anapemphera, Asilamu a kumsika anapemphera, akuluakulu anakwera kuphiri ndi ufa wansembe. Kumwamba kunangokhala mbee. Pamenepo m'pamene anthu anayamba kunong'onezana kuti pali wina m'mudzi muno wamanga mvula, ndipo ponena zimenezi maso ankapita kwa ife amayi achikulire opanda amuna.

Kumunsi kwa mudzi kunali esiteti ya fodya ya mzungu wina. Iye anali ndi chitsime chakuya, ndi injini yopopa madzi ndi kuyendetsa chigayo. Madzi otuluka m'nyumba ya injiniyo ankatsika ndi ngalande, n'kudutsa pansi pa waya wa malire, n'kukathera m'bango louma. Ankanunkha oilo. M'mbali mwa ngalandeyo dothi linali lakuda ngati mwaye, lopanda ngakhale udzu. Ndinafika kumeneko tsiku lina ndikusaka ndiwo, ndipo ndinaona kuti kumapeto, kumene madziwo ankalowa mumchenga n'kutulukiranso patsogolo, kunamera bonongwe wobiriwira.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Woyendetsa injiniyo, Che Amadu, Msilamu wa kumsika, anandiona nabwera pawaya akupukuta manja ndi chisanza.

"Mayi, amenewo si akumwa. Galu wa akapitawo anamwa, tinamukwirira."

"Ndani wanena zakumwa?"

"Nanga mukudikira nsomba?"

"Bonongwe uyo wamuthirira ndani?"

Anasuzumira. Kenaka anandifotokozera kuti masiku ambiri madziwo amangoziziritsa injini, amatuluka ofunda ndi mafuta pang'ono. Koma Loweruka amatsuka injini ndi migolo ndi soda, ndipo otuluka tsiku limenelo ndi akupha. "Mukafuna ndizikuuzani tsiku lotsuka likasintha," anatero.

"Ndili ndi makutu. Injini ikazima ndimamva ndili kwathu."

Anaseka. "Mayi inu, Mulungu atakugwetserani mvula lero, mungayambe mwainunkhiza."

Febuluwale

Ndinkapita masana dzuwa lili pamutu, pamene anthu onse agona pamthunzi posunga mphamvu. M'kati mwa bango, pamene munthu wodutsa panjira sangaone, ndinakumba maenje motsatana. Loyamba linali loti madzi aime, mafuta ayandame. Ndinkawayengula ndi chitsakata cha udzu wofolera, monga timayengulira thovu pa mowa, n'kukataya kutali. Dzenje lachiwiri ndinadzazamo mchenga ndi makala osinja. Lomaliza linali lolandira otsika kuchokera m'makalamo. Injini ikazima Loweruka ndinkathamanga kukatseka njira ndi dothi kuti madzi akuda otsukirawo apite kwina.

Mbewu yanga sindinaiponye m'dothi mwachimbulimbuli. Ndinatenga mapale awiri, n'kubzalamo njere zochepa. Za m'phale lothirira madzi a dzenje loyamba zinamera zachikasu n'kufa zisanatambasule masamba. Za m'phale linalo zinaima. Ndinadikirabe mpaka ndinaona timbalame tikumwa m'dzenje lomaliza n'kubweranso mawa lake. Pamenepo ndinafukula kamtsuko kaja. Ndinabzala chimanga ndi maungu, ndi timitsitsi ta mbatata timene ndinatola m'dambo. Madziwo anali ndi vuto lina: akauma ankasiya mchere woyera pamwamba pa dothi, ndipo nsonga za masamba zinkapsa. Ndinkaupala ndi chigoba cha nkhono.

Mwezi womwewo Layisoni anatenga mbuzi yathu yomaliza ndi makasu awiri, kuti akasinthanitse ndi chinangwa kwa Apwitikizi. Amuna ambiri ankachita chomwecho.

"Uwauze amayi ako ndibwera mwezi usanathe."

"Umuuze asiye khasu limodzi."

Analisiya. Za maenje sindinamuuze. Atapita m'pamene ndinamutenga Esinati kukamuonetsa, chifukwa msana wanga sunkathanso kusenza mtsuko tsiku lonse. Iye anafuna kuti tiuze Aginesi.

"Ndi mayi anga aang'ono, amayi. Ana awo akudya njere za udzu."

"Madziwa sakwana makomo awiri. Aginesi akadziwa, amuna ake adziwa. Amuna ake akadziwa, mudzi wadziwa."

Mele anali atayamba kutupa mapazi, tsitsi litafiira. Sankaliranso, ankangokhala pamene wamukhazika. Nkhwani woyamba ndinathyola ndekha, n'kuphika, n'kudya ndekha. Unkamveka kafungo ka palafini kukhosi. Ndinadikira kuti ndione ngati m'mimba mupotokole. Kutacha ndili bwino, tinampatsa mwana, wosakaniza ndi madeya.

Malichi

Mwana wamng'ono wa Aginesi anamwalira kumayambiriro kwa mweziwo. Tinamuika popanda phala la olira. Pamaliropo ndinaona Aginesi akumuyang'ana Mele, amene tsopano ankayenda n'kumagwira nsalu za anthu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

Patapita masiku ochepa, ndili chogwada pa dzenje loyamba, ndinamva bango likuthyoka kumbuyo. Anali iye. Anaona chimanga chofika m'chiuno, anaona maungu atayanga. Koma maso ake anakhazikika pa dzenjelo. Dzuwa linali pamutu, ndipo mafuta oyandamawo ankanyezimira mitundumitundu, kufiira, kubiriwira, chikasu, mizere yopindika ikuzungulira pang'onopang'ono.

Kwathu kuno mwana aliyense amadziwa kuti utawaleza ukaoneka kumwamba, mvula yatha.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "mwautsekera muno."

"Ndi mafuta a injini, Aginesi. Gwira ununkhize."

"Mwautsitsa kumwamba mwauika m'dzenje, kuti kwanu kokha kumere."

"Pita pangalande ya mzungu ukaone, uupeza womwewu."

"Wa mzungu ukuyenda. Wanuwu mwaukumbira nyumba." Anakhala pansi, manja ali pamutu. "Mwana wanga ankapempha madzi a ndiwo, achemwali. Madzi okha a ndiwo. Inu muli pano."

Ndinamuuza kuti athyole nkhwani wodzaza nsalu yake, asauze munthu. Sanakhudze tsamba ngakhale limodzi.

M'mawa mwake anabwera ndi mudzi. Amuna otsala, amayi, ena ndi makasu, ena ndi manja okha. Sanabwere ndi phokoso, analibe mphamvu zake. Anazungulira dzenje n'kumaloza mitunduyo. Che Amadu anaima pawaya nati, "Abale, ndi oilo uyo, ndimathira ndine m'injini." Mwamuna wa Aginesi anamuyankha kuti, "Iwe umadya phoso la mzungu, mimba yako ili bwino. Khala kumeneko." Anakhala kumeneko.

Sanandimenye. Wina anandivula mpango kumutu n'kuuponya m'dzenje loyamba, ndipo anakwirira maenje onse. Chimanga anazula n'kugawana misinde, ankatafuna ali chiimire ngati nzimbe. Maungu anathyola ndi mizu yomwe. Esinati ankalira. Ine ndinkaloweza nkhope zawo.

Ndikanakonda kulemba kuti kumwamba kunakhalabe kouma. Koma sabata isanathe mitambo inatsika kuchokera ku Michesi, ndipo mvula inagwa yamphamvu, yodzaza mitsinje. Ndinaima pakhomo ndikuiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti palibenso mawu amene ndingadzanene m'mudzi uno oti munthu n'kuwakhulupirira.

Epulo mpaka Juni

Mvulayo inachedwera chimanga. Amene anali ndi mbewu ya mbatata anabzala, ena anapeza nandolo pang'ono ndi kalongonda. Nkhokwe zambiri sizinamangidwe n'komwe chaka chimenecho. Kumsika, mbale ya chimanga imene kale unkaipeza ndi nkhuku inayamba kufuna mbuzi, kenaka mbuzi inachepa. Anthu anagulitsa mabulangete, mbale, zitseko. Amayi ankapita ku nyanja ya Chilwa kukazula nyika, mizu ya kakombo, m'matope, ena kuphiri kukakumba mpama, umene ukapanda kuuwiritsa kangapo umapha. Banja lina kutsidya kwa mtsinje linafulumira kuuphula, n'kufa nawo.

Ine pachitsime ndinkatunga ndekha. Ndikafika, amayi ankachotsa mitsuko yawo n'kudikira patali. Ana ankathawa. Aginesi anatseka khomo lake loyang'ana kwathu n'kuboola lina kumbuyo.

Julayi mpaka Okutobala

Mele anayambanso kutupa. Tsiku lina masana ndinabwerera kubango kuja, osayembekeza kanthu. Njira inali itamera, palibe amene anapondako chichokere tsiku lija. Ankati pamalopo m'poopsa.

Ngalande ya injini sinaleke kuyenda. Madzi ankalowa m'dothi lofewa limene anthu aja anakwirira nalo maenje, n'kudutsa pansi m'makala ndi mumchenga, n'kukatulukira kumunsi. Pamenepo panali chinyontho, ndipo mbatata zimene anazipondaponda zija zinali zitaphuka n'kuyanga.

Sindinakumbenso dzenje lotseguka. Ndinakumba ngalande zing'onozing'ono, kuthiramo makala ndi mchenga, kuphimba ndi udzu, kukwirira ndi dothi. Mafuta ankatsalira pansi pomwepo. Malo akada kwambiri ndinkafukula, kutaya, kuika makala ena. Madzi ankayenda mobisala, osaonana ndi dzuwa. Ine ndi Esinati tinaunda mizere ya mbatata. Ina mchere unaiwotcha, ina inagwira. Tinayamba ndi kholowa, kenaka timbatata tonga zala.

Mpanda sindinamange. Mantha awo ndiwo ankandilondera munda, ndipo sindinachite chilichonse chowachotsa manthawo. Mnyamata wina wamkulu atandiona ndikutuluka m'bango anataya nkhuni zake n'kuthawa. Ndinazitola.

Ndinaonanso kuti Loweruka madzi akuda aja sankafikanso kwa ine. Che Amadu anali atawapatulira njira ina m'kati mwa waya. Sindinamupemphe, ndipo sindinamufunse chifukwa chake. Ndinakhala miyezi ndikudikira tsiku limene adzanene chimene akufuna. Sananene.

Novembala ndi Disembala

Boma linayamba kugawa chimanga. Esinati anayenda ulendo wautali ndi Mele kumsana, naima pamzere kuyambira m'mawa. Kalaliki wina anamufunsa ngati ali ndi mwamuna.

"Ndili naye, koma anapita Febuluwale."

"Ndiye akudyetse mwamuna wakoyo. Wotsatira."

Anabwera ndi nsalu yopanda kanthu. Za Layisoni tinamva kwa obwerera kuti anapeza mkazi wina kumene kunali chinangwa, ndipo khasu lathu linali kulima kumeneko. Esinati anagona masiku awiri osadzuka. Ine sindinadabwe.

Mvula inabwera pa nthawi yake, koma anthu analibe mbewu kapena mphamvu. Ambiri ankalima atakhala pansi. Mbewu imene inagawidwa ena anakazinga tsiku lomwelo.

Januwale ndi Febuluwale

Miyezi imeneyi ndiyo inapha anthu. M'minda munali mobiriwira, m'nyumba munalibe kanthu. Maliro ankaikidwa ndi anthu ochepa, manda osazama. Mwamuna wa Aginesi anapita kukafuna ganyu ku minda ya tiyi ndipo sanatumize mawu.

Tsiku lina m'mawa ndinamva "odi" wofooka. Aginesi anali ataima pabwalo langa koyamba chichokere Malichi, atagwira dzanja la mwana wake wotsalayo, mtsikana wamkulupo. Miyendo ya onse awiri inali yotupa yonyezimira.

"Achemwali, ndabwera ndi mwanayu."

"Ndamuona. Khalani pansi."

"Ine ndiima."

Esinati anatulutsa mbatata zowiritsa m'lichero. Mtsikanayo anayang'ana amayi ake, iwo anagwedeza mutu, ndipo anayamba kudya ndi makoko omwe. Ndinakankhira lichero kwa Aginesi.

"Ndi za kubango?" anafunsa.

"Kulibe kwina kumene ndimalima."

"Mwanayu adye, sadziwa kanthu. Ine ndinaona ndi maso anga."

"Unaona mafuta, Aginesi."

"Tinakwirira, mvula inagwa. Kapena sinagwe?"

"Inagwa."

"Ndiye musandivute." Anapukuta pakamwa pa mwana wake ndi nsonga ya nsalu. "Mukhale naye. Koma musamutengere kumeneko."

Ndinamulonjeza zimenezo, ndipo ndinasunga. Tsiku ndi tsiku Esinati ankamusiyira mbatata pakhomo lake lakumbuyo lija, ndipo tsiku ndi tsiku ankazipeza momwemo, nyerere zitazinga. Anayesa kumunamiza kuti wagula kumsika. Aginesi anamufunsa kuti wagula ndi chiyani. Anayesa kuzisinja n'kusakaniza m'phala la madeya, iye ananunkhiza n'kukankha. Tinabadwa kwa mayi mmodzi, mphuno yathu ndi imodzi.

Anamwalira kumapeto kwa Febuluwale, chimanga cha m'munda mwake chitamasula ngayaye. Pomusambitsa amayi a m'mudzi anakana kuti ndilowe. Ndinakhala panja pa nyumba ya mng'ono wanga ngati mlendo, ana awiri ali pamiyendo panga.

Malichi ndi Epulo

Chimanga chinacha. Ena anafa ndi mondokwa woyamba, chifukwa anadya mothamanga mimba itaiwala ntchito. Ana anga ndinkawapatsa pang'onopang'ono, akulira, ndikuwakaniza. Mele anatsika kutupa, tsitsi linada. Tsiku limene anamenyana ndi mwana wa Aginesi uja polimbirana chitsononkho, Esinati anaseka koyamba chaka chimenecho.

Kubango sindinapitenso pambuyo pa zokolola. Patapita zaka zochepa mzungu anagulitsa malo, injini anaikweza pa lole, ngalande inauma. Che Amadu anasamukira ku Zomba osatsanzika. Pamene panali maenje anga, mpaka lero dothi n'lakuda ndipo pamamera zitsamba zokha.

Ana onse awiri ali moyo. Esinati anapeza mwamuna wina, koma mwamunayo anakana kudzakhala chikamwini pakhomo pa mayi amene anamanga mvula, choncho anawatenga onse kupita nawo ku minda ya tiyi ku Mulanje. Sindinawaletse. Mele akuphunzira sukulu, akuti ndi wamtali, ndipo za chaka chimenecho sakumbukira kanthu.

Ndatsala ndekha kumapeto kwa mudzi. Palibe amene amandinena poyera. Amandipatsa moni ali panjira, osapatuka. Koma chaka chilichonse mvula ikachedwa sabata imodzi, ndimaona amuna akudutsa kuseri kwa nyumba yanga pang'onopang'ono, maso ali pansi, kufunafuna pamene pakumbidwa. Chaka chino yachedwanso, ndipo miyendo yanga siyendanso monga kale.

Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa njira ya m'munsi mwa Michesi, patukani pa nyumba yomaliza, ya mtengo wa mango umodzi. Musabwere ndi chakudya chophika, sindidya za munthu amene sindikumudziwa. Mungoima pabwalo, munene odi, mudikire pang'ono, chifukwa ndimayamba ndasuzumira. Ndikayankha, pitirizani ulendo wanu. Ndikapanda kuyankha, kankhani chitseko, a m'mudzi muno sadzachikankha. Kenaka mutumize mawu kwa Mele.